Kukacheza ku Kabula: Zoona ndi Zolawa

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, anthu ambiri a kumidzi amakwera basi kukaona abale awo amene ali pa ntchito mu Blantyre. Ambiri afikira ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, pakuti ndiko kukhala anthu a ntchito. Chachisoni ndi chakuti ena amangotha sabata yathunthu ali pakhonde, nabwerera kwawo osaona kanthu.

Tsono inu mukapita, pemphani mbale wanu akuperekezeni ku Mishoni ya Blantyre, imene inayamba m'chaka cha 1876. Dzina la mzindawu linachokera ku mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira David Livingstone. Pamenepo pali tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzire za umisiri wa nyumba, ndipo amene anaumba njerwa ndi kuzisanja anali anthu akuda a konkuno. Imani pafupi, muyang'anitsitse njerwazo: si za maonekedwe amodzi ayi. Nyumba ya Mandala, ya 1882, ndi yakale koposa tchalitchicho. Aphunzitsi asalephere kufika ku nyumba yosungiramo zakale pa Chichiri, kumene kuli mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga m'chaka cha 1981. Ana a sukulu adzafuna kumva za mwalawo.

Kunena za chakudya, m'tauni muno mwasonkhana mitundu yonse, ndipo mtundu uliwonse unadza ndi mphika wake. Samusa, tija ta ngodya zitatu tokhala ndi nyama ndi anyezi m'kati, anadza ndi Amwenye. Zigege ndi mbatata ya kachewere yoviika mu ufa wa tirigu ndi kukazinga. Pa msika wa Ndirande mudzaona anyamata ataima pa chiwaya, ali kukazinga tchipisi ndi nyama, ena ali kuotcha kanyenya, ena ali kuphika mang'ina, ndiwo mapazi a ng'ombe. Lawani ndithu, koma funsani mtengo musanatole, ndipo tsabola wa kambuzi muthire pang'ono pokha, chifukwa ngwaukali ngakhale ali wamng'ono.

Wochokera ku Chigawo cha Pakati kapena cha Kumpoto mwina adzadabwa ndi kalongonda, nyemba zimene Alhomwe a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe azikonda kwambiri. Nyembazi zikapsa bwino nzokoma ndi zokhutitsa. Koma zili ndi ululu umene umachoka pokhapokha zitawiritsidwa nthawi yaitali, madzi ake akutayidwa ndi kuthira ena. Zosapsa zimaledzeretsa, kusanzitsa ndi kuzunguza mutu. Mukadye kwa mayi wozidziwa; musagule zaziwisi kuti mukayesere nokha kumudzi.

Chimene Boma lifuna kuti muchisamale koposa ndi madzi. Kolera imene inabuka m'chaka cha 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika 2023, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha nthendayi. Kachirombo kake kamayenda m'madzi ndi m'chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi cha munthu wodwala, koma moto umakapha. Chifukwa chake tchipisi yochoka kumene m'mafuta otentha siopsa monga kabichi wamuwisi amene amawaza pamwamba pake, kapena thobwa losungunula ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa. Idyani chotentha, sambani m'manja ndi sopo pa madzi othira, osati m'beseni limodzi ndi anthu onse, ndipo nthochi kapena lalanje musende nokha.

Wina akayamba kutsegula m'mimba madzi okhaokha, musamkweze basi kuti akadwalire kwawo. Mpatseni madzi a Thanzi ORS amwe pafupipafupi, ndi kuthamangira naye ku chipatala chapafupi tsiku lomwelo, ngakhale usiku.