Mitengo ya Ana Athu Pasukulu Isafe

Anzathu a m'kopelativa, phunziro la lero likunena za mitengo ya pasukulu ya pulayimale. Ana athu amaibzala chaka ndi chaka. Koma tikayang'ana pabwalo la sukulu, mitengo yokula ndi yowerengeka. Nanga ina ija imapita kuti? Tiyeni tiwerenge, kenaka tikambirane.

Chifukwa chiyani ana amabzala mitengo?

Kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, m'chigawo cha Tete, tili kumtunda. Nthaka yathu imabereka chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Koma m'mapiri ambiri mitengo yatha. Tinadula nkhuni, tinaotcha makala ndi njerwa, tinamanga zigafa za fodya. Lero amayi amayenda mtunda wautali kuti apeze mtolo umodzi wa nkhuni.

Mvula ikagwa paphiri lopanda mitengo, madzi salowa pansi. Amathamanga, nakokolola nthaka yachonde, nasiya zigwembe m'minda. Madzi a kumtunda kuno amatsikira ku Zambezi. Mu Januwale 2022 kunagwa mvula ya namondwe, ndipo mtsinje wa Revúbuè unasefukira nugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize. Mitengo siingaletse namondwe ayi, koma mizu yake imagwira nthaka, ndipo madzi amayenda pang'onopang'ono.

Pamene Armando Guebuza anali Pulezidenti, kuyambira 2005 mpaka 2015, boma linalimbikitsa kuti mwana aliyense wa sukulu azibzala mtengo, ndi kuti mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango ya mudzi. Ganizo limeneli ndi labwino mpaka lero. M'mera mpoyamba.

Zimene ana amachita

Choyamba ndi nazale. Ana amatola timatumba ta pulasitiki totayidwa, monga ta shuga, naboola kunsi. Amasakaniza mbale 2 za dothi lakuda, mbale 1 ya mchenga ndi mbale 1 ya manyowa owolerana, nathira m'timatumbamo. Amafesa mbewu mvula isanafike. Pamwamba amamanga kachisakasa ka udzu kuti dzuwa lisaotche mbande.

Chachiwiri ndi dzenje la manyowa. Masamba amene ana amasesa m'mawa saotchedwa. Amaikidwa m'dzenje pamodzi ndi mapesi, ndowe ndi phulusa pang'ono. Amathira madzi ndi kutembenuza. Pakapita miyezi 2 kapena 3 manyowa apsa. Mapulasitiki ndi mabotolo salowa m'dzenje limeneli, chifukwa sawola.

Chachitatu ndi madzi. Madzi amene ana asambira m'manja satayika chabe. Amagwera m'beseni, ndipo amakathirira mtengo.

Mitengo yake ndi iti?

Msangu ndi bwenzi la mlimi. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina ili yobiriwira. Tsono suphimba chimanga, ndipo masamba ake amasanduka manyowa. Njere ya msangu ndi yolimba. Tisanafese tiipale pang'ono pamwala kuti madzi alowe. M'munda timabzala motalikana mamita 10.

Mango, mapeyala, magwafa ndi mapichesi amapatsa ana zipatso. Dzenje lake likhale masentimita 60 kuya, ndi 60 m'mbali zonse.

Bulugama amakula msanga, ndipo amatipatsa milimo ndi nkhuni. Koma amamwa madzi ambiri. Tisabzale pafupi ndi chitsime kapena dimba.

Adani atatu

Tsopano tafika pa funso lathu lija. Chimapha mitengo ya ana nchiyani?

Mdani woyamba ndi tchuthi. Nthawi yabwino yowokera mbande ndi Disembala ndi Januwale, mvula itakhazikika. Koma nthawi imeneyo sukulu imakhala yotseka. Ana ali kumunda ndi ife, aphunzitsi ambiri apita kwawo. Mbande zimakulira m'timatumba, mizu nipindana. Zikawokedwa mochedwa, mvula imatha mizu isanazame, ndipo pofika Okutobala zauma.

Mdani wachiwiri ndi mbuzi. Tikakolola timamasula ziweto. Msipu ukauma, mbuzi imathamangira chilichonse chobiriwira. Mtengo umene mwana wausamala miyezi 6, mbuzi imaumaliza m'mawa umodzi. Nanga mbuzizo nza yani? Nzathu zomwe.

Mdani wachitatu ndi moto. Anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, mphepo ya chilimwe niutengera moto ku mitengo ya sukulu.

Mwaona, anzathu: mwana wa zaka 8 sangagonjetse adani amenewa yekha. Kubzala nkosavuta, ntchito yagona pa kusamala. Ndipo ntchito imeneyi ndi ya ife akuluakulu.

Tichite chiyani ife a kopelativa?

1. Sukulu isanatseke, tikumane ndi aphunzitsi aakulu, a komiti ya sukulu ndi amfumu. Tigwirizane tsiku lowoka mbande pa tchuthi. Mwana aliyense abwere ndi kholo lake, khasu paphewa.

2. Mtengo uliwonse ukhale ndi mwini wake, ndiye kuti mwana ndi banja lake. Ife amene taphunzira kulemba tilembe dzina la mwana pa kathabwa, tizike pafupi ndi mtengo.

3. Mvula isanathe tipalire, tiike udzu wouma pa tsinde, koma usakhudze khungwa kuopa chiswe.

4. Tisanamasule mbuzi, mtengo uliwonse tiutchingire ndi bango, nsungwi kapena minga.

5. Mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, tilambule njira kuzungulira malo onse a mitengo kuti moto usadutse.

6. M'chilimwe tigawane masiku othirira. Mlembi wa kopelativa alembe maina m'buku.

Mutu umodzi susenza denga. Tikatero, ana adzadya zipatso pa nthawi yopuma, adzakhala pamthunzi, ndipo mphepo yowomba denga la sukulu idzachepa mphamvu. Mbande zotsala pa nazale adzabwera nazo kunyumba, tidzabzale m'minda ya kopelativa. Anzathu, tiyeni tidzuke, mitengo ya ana athu isafe!

Tiyeni tiwerengere

Kalasi ili ndi ana 40. Mwana aliyense wabzala mtengo 1. Mbuzi zadya mitengo 15, moto waotcha 10. Yatsala ingati?

Tiyeni tikambirane

1. Chifukwa chiyani msangu suononga chimanga?
2. Tchulani adani atatu a mitengo ya pasukulu.
3. M'mudzi mwanu mbuzi zimamasulidwa mwezi uti? Mipanda iyenera kukhala itatha liti?
4. Lembani m'kope lanu maina a mitengo itatu imene mukufuna kubzala chaka chino.