Khasu lakale likukana mpini watsopano

Kuyambira mumsewu wa Malangalanga, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe mpaka kukafika ku Area 3 ndi Area 4, mabizinesi ambiri amapuma ndi kompyuta. Ojambula zithunzi za pasipoti, otaipa makalata ofunsira ntchito, osindikiza makadi a chinkhoswe ngakhalenso ogulitsa zipangizo za galimoto, onsewa kompyuta ikangodwala ndiye kuti tsiku limenelo poto sakhala pamoto.

Koma pali pempho limodzi lomwe limawazunguza mutu amisiri okonza makompyuta ku Old Town. Munthu amabwera ndi kompyuta yatsopano, yonunkhira katoni, n'kupempha kuti amuchotsere Windows 11 ndi kumuikira Windows 7. Ena amafika pofuna Windows XP, yomwe idatuluka mu 2001.

Ongomva angaganize kuti ndi umbuli kapena kukakamira zakale. Si choncho ayi. Nthawi zambiri munthuyo amakhala ali ndi pulinta yaikulu, sikana, makina odulira masitika kapena pulogalamu yowerengera ndalama zomwe adagula zaka khumi kapena kuposera apo zapitazo. Zinthuzi zikugwira bwino ntchito, koma zimangomvana ndi Windows yakale. Kugula zatsopano si nkhani yamasewera chifukwa zonsezi n'zoitanitsa kunja, ndipo kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023.

Choncho kompyuta yakale ikafa, mwiniwake amagula ina poganiza kuti angosamutsa zonse n'kupitiriza ntchito. Apa m'pomwe mavuto amayambira.

Chifukwa chake chimakanika

Windows ndi kapitawo wa kompyuta, koma payokha siingalankhule ndi chiwalo chilichonse. Kiyibodi, sikirini, pulinta ndi diski zonse zimafuna kapulogalamu kakang'ono komasulira, komwe amisiri amati dalaivala. Kampani yopanga chiwalo ikasiya kulemba madalaivala a Windows yakale, chiwalocho chimasanduka mlendo wosamva chinenero.

Windows 7 idatuluka mu October 2009, ziboo za USB 3.0 zisanafale, kotero idabadwa yosazidziwa. Kuyambira pa mapurosesa a Intel a m'badwo wachisanu n'chimodzi omwe adatuluka mu 2015, njira yakale yoyendetsera USB idachotsedwa. Zotsatira zake n'zakuti mmisiri amalowetsa fulashi, chithunzi choyamba cha Windows 7 n'kuoneka bwinobwino, koma mawusi ndi kiyibodi za USB zili zii. Palibe chodina.

Akadutsa pamenepo amakumana ndi diski. Makompyuta ambiri atsopano ali ndi diski yothamanga yotchedwa NVMe, kachidutswa kochepa ngati chipeso. Windows 7 yosakonzedwa siyiona n'komwe, imangoti mulibe posungira.

Palinso nkhani ya pulogalamu yomwe imadzutsa kompyuta ikangoyatsidwa. Kale inali BIOS, lero ndi UEFI. Kwa zaka zingapo opanga makompyuta ankasiya kakhomo kotchedwa CSM kapena Legacy kuti zakale zizilowera. Mu 2017 kampani ya Intel idalengeza kuti kakhomoka katsekedwa pofika 2020, ndipo malaputopu ambiri otuluka pambuyo pake alibiretu.

Kwa Windows XP ndiye zimafika poipa. Iyo siidziwa njira ya AHCI yomwe madiski a masiku ano amayendera, ndipo imangoonetsa sikirini yabuluu yokhala ndi nambala 0x0000007B. Ngakhale italowa, XP wamba imangogwiritsa ntchito memore yosafika 4GB. Munthu wogula makina a 16GB ndiye kuti gawo lalikulu la ndalama zake langogona.

Nayo Microsoft idaikapo mpanda wake. Mu January 2016 idalengeza kuti mapurosesa obwera pambuyo pa m'badwo wachisanu n'chimodzi azingothandizidwa pa Windows 10, ndipo mu 2017 idayamba kukana kupereka zigamba kwa Windows 7 yoikidwa pa Intel wa m'badwo wachisanu n'chiwiri komanso pa AMD Ryzen.

Ikalowa si kuti zatha

Amisiri ochenjera ali ndi njira zawo. Amasokerera madalaivala a USB 3.0 ndi NVMe m'kati mwa fulashi, n'kuzimitsa chitetezo cha Secure Boot, ndipo pa makina ena Windows 7 imalowadi. Komatu kulowa n'kwina, kugwira ntchito n'kwina. Mawa lake mwini kompyuta amabwerera akudandaula kuti Wi-Fi sikuoneka, mawu sakutuluka kapena zithunzi zatambasuka ngati nkhope ya m'supuni.

Choopsa chachikulu sichioneka ndi maso. Microsoft idasiya kusamalira Windows XP pa 8 April 2014, ndipo Windows 7 idaisiya pa 14 January 2020. Izi zikutanthauza kuti mbava za pa intaneti zikapeza chiboo chatsopano, palibe wobwera kudzachimata. Nayo Google idaimira pa Chrome 109 mu January 2023, kotero wotsegula akaunti ya kubanki kapena Msonkho Online ya MRA pa Windows 7 akuyenda ndi chikwama chong'ambika.

Dziko lidaphunzirapo mu May 2017 pamene vayirasi ya WannaCry idamanga mafayilo m'makompyuta oposa 200 000 m'maiko 150, eni vayirasiyo n'kumafuna dipo. Ku Britain zipatala za boma zidabweza odwala pafupifupi 19 000 omwe anali ndi masiku oonana ndi dokotala. Ambiri mwa makompyuta omwe adagwidwa anali a Windows 7 omwe eni ake adachedwa kuika chigamba chomwe Microsoft idatulutsa mu March chaka chomwecho. Nthawi imeneyo chigamba chinalipo, anthu adangozengereza. Lero ngakhale wochangamuka alibe kokachitenga.

Asaganize wina kuti zofuna dipo n'zakunja kokha. Mu February 2024 mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowerera makina opangira mapasipoti ndipo ankafuna ndalama. Anthu adadikira mapasipoti kwa masabata. Ngati zidagwa pa nthambi ya boma, kashopu ka ku Area 2 kosunga zithunzi ndi makope a ziphaso za makasitomala kangadzitame chiyani?

Chinanso n'chakuti makompyuta obwera ndi Windows 7 adasiya kupangidwa mu October 2016. Mafulashi ambiri a Windows 7 omwe amabwerekanidwa m'tauni ndi okopera pa intaneti, osadziwika yemwe adawaphika ndi zomwe adathiramo.

Njira zilipo

Safunsa adadya phula. Asanakakamize khasu lakale pa mpini watsopano, munthu ayambe wadzifunsa chomwe akufuna kupulumutsa. Kawirikawiri si Windows 7 yeniyeniyo, koma pulinta imodzi kapena pulogalamu imodzi.

Njira yoyamba ndi kusiya Windows 11 m'malo mwake n'kumanga kakompyuta kongoyerekeza m'kati mwake. Pulogalamu yaulere ya VirtualBox imachita zimenezi. Windows 7 kapena XP imakhala m'kabokosi kake ngati lendi m'nyumba ya mwini, ikuganiza kuti ili pa makina akale. Mapulogalamu owerengera ndalama amayenda bwino mmenemo, ndipo zipangizo zambiri za USB zimatheka kulumikizidwa. Zomwe zimavuta ndi zija zamawaya akale a mano ambiri.

Njira yachiwiri ndi kugula kompyuta yakaunjika ya msinkhu wofanana ndi makinawo, kuipatsa ntchito imodzi yokha, n'kuichotsa pa intaneti kotheratu. Mafulashi a makasitomala azilowa kaye mu kompyuta yatsopano kuti aunikidwe. Ya kubanki, ya imelo ndi ya msonkho ikhale ina.

Pogula yakaunjikayo, nambala ya purosesa ndiyo kalata yake yobadwira. Pa Core i5-6200U, nambala 6 yoyambayo ndi m'badwo, ndipo m'badwo umenewu ndiwo womaliza kulandira Windows 7 mwachilolezo. Pa i5-8250U m'badwo ndi 8, poyambira Windows 11. Wa 7 ndi mwana wapakati: Microsoft siimuvomereza pa Windows 7, ndipo pa Windows 11 ambiri a m'badwowu sali pa mndandanda. Wogula osayang'ana nambalayi akhoza kulipira ndalama zambiri pa makina okanidwa mbali zonse.

Nkhaniyi yafika pena chifukwa nayo Windows 10 idasiya kulandira chisamaliro chanthawi zonse pa 14 October 2025. M'maofesi a ku City Centre, m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43 ngakhalenso m'mashopu a ku Old Town muli makompyuta amphamvu ndithu omwe Windows 11 ikuwakana kaamba ka purosesa yakale kapena kusowa kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0. Makina oterewa sayenera kutayidwa msanga, chifukwa Linux Mint kapena Ubuntu, zomwe n'zaulere, zimayenda bwino pa iwo polemba makalata ndi kufufuza pa intaneti.

Koma chilichonse chisanachitike, mafayilo akopedwe kaye pa diski ina. Kuika Windows, yakale kapena yatsopano, kumatha kufufuta zonse, ndipo kaundula wa ngongole za makasitomala akapita palibe mmisiri wa mu Malangalanga yemwe angalonjeze kumubweza.