Chingwe Chimene Chinamanga Asilikali a M'mapiri

Usiku wa pa 18 February 1945, asilikali mazana angapo a dziko la America anayamba kukwera phompho la Riva Ridge kumpoto kwa Italy. Kunali zii. Panalibe woyatsa tochi kapena wokweza mawu. Aliyense ankangogwira chingwe chimene anzake anamangiratu m'matanthwe, n'kumaponda pamene wa patsogolo waponda. Ajeremani amene anali pamwamba ankakhulupirira kuti gulu la nkhondo silingadzere mbali imeneyo. Mmene kunkacha, anangozindikira adani afika kale.

Awa anali a 10th Mountain Division, amene ntchito yawo inali kumenya nkhondo m'mapiri ndi m'chipale chofewa. Mwini nzeruyi anali Charles Minot Dole, mkulu wa National Ski Patrol, bungwe lopulumutsa anthu ovulala pa masewera a ski, aja otsetsereka pa chipale munthu atamanga timatabwa titalititali kumapazi. Dole atamva mmene asilikali a ku Finland, akuyenda pa ski, anasautsira chigulu cha Soviet Union mu 1939 ndi 1940, anawaumirira akuluakulu a nkhondo a ku America mpaka anavomera kukhazikitsa gululi. Bungwe lake lomwelo ndi limene linkalemba anthu ntchito, ndipo wofuna kulowa ankabweretsa makalata atatu omuchitira umboni. Kunabwera ophunzira a m'makoleji, odula mitengo, oweta ng'ombe, komanso akatswiri obadwira ku Ulaya monga Friedl Pfeifer wa ku Austria ndi Torger Tokle wa ku Norway.

Anakasulidwa ku Camp Hale, m'mapiri a Colorado, pamalo okwera mamita pafupifupi 2,800. Mpweya kumeneko ndi woperewera, ndipo utsi wa malasha wa sitima ndi mbaula unkangoti bii m'chigwamo, n'kusiya anthu akutsokomola usiku wonse. Msilikali ankabereka chikwama cha makilogalamu pafupifupi 40, kukoka nyulu zonyamula mfuti zazikulu, ndi kugona panja madzi akuuma gwaa m'botolo. Pathanthwe nyota za paphewa zinkachepa mphamvu: msilikali wamba wodziwa mapiri ankaphunzitsa bwana wake kumanga mfundo. Anthu awiri akamangana chingwe chimodzi m'chiuno, wina akaterereka moyo wake umakhala m'manja mwa mnzakeyo, ndipo ubwenzi wawo unayambira pomwepo.

Ku Italy ski sinagwire ntchito kwenikweni. Zimene zinathandiza ndi miyendo, zingwe ndi nyulu. Atalanda Riva Ridge, usiku wotsatira anakwera phiri la Belvedere atalamulidwa kuti asaombe mfuti mpaka kutacha. M'masiku 114 a nkhondo anataya anzawo pafupifupi 1,000, ndipo ena pafupifupi 4,000 anavulala. Tokle anafa mu March. Mu April munavulala kwambiri mnyamata wina, Bob Dole, amene pambuyo pake anadzapikisana nawo pa mpando wa pulezidenti mu 1996.

Nkhondo itatha, ambiri mtima unawakokeranso kumapiri. Pfeifer, yemwe anavulala phapo, anabwerera ku Aspen, tauni ya migodi imene inali itazilala, n'kuthandiza kuisandutsa malo otchuka a ski. Pete Seibert anakhala m'chipatala kupitirira chaka, madokotala akukayika ngati adzatsetserekanso pa chipale. Mu 1962 anatsegula malo a ski a Vail, anzake a kunkhondo monga Bob Parker n'kudzagwira naye ntchito, ndipo njira ina yaitali ya paphiripo anaitcha Riva Ridge. David Brower anatsogolera Sierra Club, bungwe loteteza chilengedwe, kuyambira 1952. Paul Petzoldt anayambitsa sukulu ya NOLS mu 1965, yophunzitsa achinyamata kukhala m'tchire ndi kutsogolera anzawo. Bill Bowerman, amene kunkhondo ankayang'anira nyulu ndi katundu, anakhala mphunzitsi wa othamanga ndiponso mmodzi mwa oyambitsa kampani ya Nike. Naye Fritz Benedict, katswiri wojambula mapulani a nyumba, anayambitsa ntchito yomanga tinyumba togonamo alendo m'mapiri a pakati pa Aspen ndi Vail, ndipo tina timatchedwa mayina a anzawo amene anafera ku Italy.

Chaka ndi chaka mwezi wa May, mabanja awo amasonkhana pa Tennessee Pass, pafupi ndi Camp Hale, pomwe pali mwala wolembedwa mayina a akufa. Mu 2022 Pulezidenti Joe Biden analengeza kuti Camp Hale ndi malo otetezedwa a mbiri ya dziko.

Mu February 1995, patatha zaka 50, ena mwa madalawa anabwerera ku Italy, imvi zili mbuu, n'kukweranso Riva Ridge. Ulendo uno anakwera masana, ndipo pamwambo wokumbukira akufa anaima limodzi ndi Ataliyana komanso Ajeremani amene kale anali asilikali a m'mapiri a mbali inayo.