Kodi mumadziwa? Mpando wa wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo

Kodi mumadziwa kuti munthu atha kukhala wachiwiri kwa nduna ya zaumoyo asanagwirepo jakisoni? Gawo 94 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limafuna kuti akhale nzika ya Malawi, wa zaka zosachepera 21, wolembetsa m'kaundula wa mavoti, ndiponso wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Za udokotala kapena unamwino mulibemo. Ngakhale uphungu si wofunikira: Pulezidenti atha kutenga munthu wa kunja kwa Nyumba ya Malamulo.

Kodi mumadziwa kuti amakhala nawo pamisonkhano ya nduna? M'mayiko ena nduna zazing'ono zimatsala panja, koma kuno gawo 92 limawerengera achiwiri kwa nduna m'gulu la nduna za boma. Choncho zimene angaone ndi maso ake pachipatala cha Mtakataka atha kukazinena pamaso pa Pulezidenti. Komabe amene amayendetsa unduna tsiku ndi tsiku, woyang'anira ndalama ndi antchito, ndi mlembi wamkulu, yemwe ndi wantchito wa boma osati wandale.

Kodi mumadziwa kuti mipando yotereyi inayamba dziko lisanalandire ufulu? Chitatha chisankho cha 1961, Dunduzu Chisiza adaikidwa kukhala nduna yaing'ono ku zachuma, Orton Chirwa ku zachilungamo. Mu 1964 Rose Chibambo, amene nkhope yake ili pa K200, adakhala mayi woyamba kufika pampando wotere. Sadakhalitsepo. Chaka chomwecho nduna zidasemphana ndi Dr Kamuzu Banda, ndipo m'mwezi wa Seputembala adachotsedwa pamodzi ndi Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi. Chimodzi mwa zimene ndunazo zidadandaula nacho chinali cha kuchipatala: boma lidalamula kuti wodwala azilipira tiki, ndiye kuti makobiri atatu, asanalandire mankhwala. Ndunazo zidaona kuti anthu akumudzi sadamenyere ufulu kuti azibwezedwa pakhomo la chipatala chifukwa cha kusowa kobiri. Ine ndimaona kuti mkangano umenewu sudathe, ndipo kuno kunyanja, kummawa kwa Dedza, tikali nawo.

Taonani ku Mua. Mishoni adayitsegula ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo kwa zaka zambiri malowa adadziwika ndi kusamalira odwala khate amene kwawo adawataya. Chipatala cha pamenepo si cha boma. Chili pansi pa bungwe la zipatala za mipingo la CHAM, lomwe lidayamba mu 1966, ndipo m'zipatala zotere wodwala amalipira. Koma kodi mumadziwa kuti malipiro a anamwino ndi madokotala a m'zipatala za CHAM amachokera kuboma? Kuonjezera apo, kuyambira mu 2006 boma limasainirana mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere, boma n'kudzabweza ndalamazo pambuyo. Boma likachedwa kubweza, chipatala chimasowa pogwira, ndipo amene amavutika ndi mayi wa ku Golomoti amene matenda amuyamba pakati pa usiku. Mlendo wa ku unduna akabwera, funso loyamba liyenera kukhala la ngongole imeneyi, nyimbo ndi magule zibwere pambuyo.

Kodi mumadziwa kuti mpandowu umatha kusowa mwini? Palibe lamulo lokakamiza kuti unduna uliwonse ukhale ndi wachiwiri. Peter Mutharika atalowa m'boma mu 2014 adachepetsa nduna kufika pa 20, ndipo Dr Jean Kalilani adayendetsa unduna wa zaumoyo okha.

Nanga za munthu amene adakhalapo kawiri? Halima Daud adasankhidwa ndi Joyce Banda mu 2012, pamene nduna ya zaumoyo anali Khumbo Kachali, yemwenso anali wachiwiri kwa Pulezidenti. Adabwereranso mu Januwale 2023, kolera itafika povuta. Mliri umenewo, womwe udayambira ku Machinga mu Malichi 2022, udapha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja adakhudzidwa kwambiri. Pakati pa 2020 ndi 2023, nduna Khumbize Kandodo Chiponda adagwira ntchito ndi achiwiri atatu: Chrissie Kalamula Kanyasho, Enock Phale, kenaka Halima Daud. Kusinthasintha kotereku sikuthandiza. Munthu akangoyamba kudziwa kumene likodzo ndi malungo zavuta, wachoka.

Kodi mumadziwa kuti si zonse zimene zimathera ku Capital Hill? Potsatira lamulo la maboma ang'ono la 1998, zipatala zing'onozing'ono ndi chipatala chachikulu cha boma la Dedza zili m'manja mwa khonsolo. Mafuta a ambulansi imene imakwera zikhotakhota za Khwekhwerere ndi wodwala kupita ku Dedza boma amachokera m'thumba la khonsolo. Mankhwala nawo amadzera ku Central Medical Stores Trust. Ambulansi ikaima, khansala ndi bwanamkubwa ndiwo oyamba kufunsidwa, pamene wachiwiri kwa nduna ayankhe chifukwa chimene ndalama zochokera ku Lilongwe zachedwera.

Ndipo kodi mumadziwa kuti dera lino lidatulutsapo munthu amene ankafunsa nduna mafunso amenewa maso ndi maso? Gawo 96 limalamula nduna kupezeka ku Nyumba ya Malamulo kuti ziyankhe aphungu. Juliana Lunguzi, namwino komanso mzamba, adasankhidwa mu 2014 kukhala phungu wa kummawa kwa Dedza, ndipo adakhala wapampando wa komiti ya zaumoyo ya m'nyumbayo, imene imaitanitsa akuluakulu a undunawu kuti afotokoze za mankhwala ndi ndalama.