Mphete zosunga chinsinsi cha mumtima

Ikakhala pachala, imaoneka ngati mphete wamba. Koma pamwamba pake pali kachivundikiro kotsegula, ndipo m'kati muli kamalo kobisamo chimene mwini wake safuna kuti ena achione.

Yotchuka kwambiri ndi ya Mfumukazi Elizabeth I wa ku England, yomwe imasungidwa ku Chequers. Ndi yagolide, osati yasiliva, komabe ndiyo imasonyeza bwino ntchito ya mphetezi. M'kati mwake muli tizithunzi tiwiri: kena ka mfumukaziyo, kena ka mzimayi amene akatswiri ambiri amati ndi Anne Boleyn, mayi ake omubereka, omwe adadulidwa mutu mu 1536 polamula mwamuna wawo, Henry VIII. Panthawiyo Elizabeth adali ndi zaka ziwiri zokha.

M'zaka za m'ma 1800, makamaka Prince Albert atamwalira mu 1861, anthu a ku Britain ankakonda kusungamo tsitsi la malemu awo. Siliva, pokhala wotsikirapo mtengo, adathandiza kuti mwambowu ufikenso kwa anthu wamba.

Wogula mphete yakale ya ku England ayang'ane m'kati mwa mkombero wake. Chidindo cha kamkango ndi umboni wakuti silivayo ndi weniweni, pomwe cha nangula chimatanthauza kuti idayesedwa ku Birmingham.