Chitsamba chimodzi, mphamvu zosiyana: zomwe zabisala m'fungo la chanzi ku Rumphi

Rumphi ndi limodzi mwa maboma ochepa m'Malawi momwe munthu angachoke m'mphepete mwa nyanja, ku Chiweta kapena ku Mlowe, malo otentha omwe sanakwere kufika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere, n'kukafika pamwamba pa Nyika, pomwe phiri la Nganda limapitirira mamita 2,600 ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Pakati pa malo awiriwa pali chigwa cha Henga, chidikha cha Nkhamanga ndi mapiri a Phoka komwe kumalimidwa khofi, ndipo konseku kumamera zitsamba zonunkhira zomwe anthu amathyola pofuna kuchiza chimfine, kuingitsa udzudzu kapena kuteteza chimanga kwa anankafumbwe. Chomwe kafukufuku wakhala akuonetsa n'chakuti chitsamba cha dzina limodzi sichikhala ndi mankhwala ofanana m'masamba ake paliponse pomwe chamera, ndipo kusiyanako nthawi zina kumakula mwakuti masamba a kudera lina amagwira ntchito pomwe a kudera lina amakhumudwitsa wowagwiritsa ntchito.

Fungo la zitsamba zotere limachokera ku mafuta omwe m'nkhani ino akutchedwa mafuta onunkhira. Mafutawa ndi osiyana kotheratu ndi mafuta ophikira a mtedza kapena a mpendadzuwa, pakuti dontho la mafuta ophikira likagwera papepala limasiya banga losatha, pomwe dontho la mafuta onunkhira limauluka pang'onopang'ono mpaka pepalalo kuuma. Chomera chimasunga mafutawa m'timatumba ting'onoting'ono kwambiri, tina tili pa ubweya wa masamba, tina mkati mwa tsamba ngati mmene zilili ndi bulugamu, tina m'khungu la chipatso ngati lalanje ndi ndimu. Munthu akafikisa tsamba pakati pa zala, timatumbato timaphulika, zala zimatsala zonona pang'ono, ndipo fungo limatuluka nthawi yomweyo. Chomera sichipangira munthu mafutawa, koma chimadzipangira chokha kuti chithamangitse tizilombo ndi ziweto zofuna kuchidya, chilimbane ndi nkhungu, ndiponso chikope njuchi ndi tizilombo tina tothandiza maluwa kubereka.

Katulutsidwe ka mafutawa sikachilendo kwa aliyense amene anaonapo mmene amatchezera kachasu: masamba amaikidwa m'chiwiya cha madzi owira, nthunzi imanyamula mafuta n'kudutsa nawo mu paipi yozizira, kenako imasanduka madzi omwe amadontha m'botolo, mafuta n'kuyandama pamwamba. M'malabotale chida chagalasi chomwe chimagwira ntchitoyi chimatchedwa Clevenger, ndipo mafuta omwe amapezeka amakhala ochepa zedi, nthawi zambiri gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a kulemera kwa masamba, mwinanso osafika pamenepo. Akapezeka, mafutawa amalowetsedwa m'makina otchedwa GC-MS, omwe amalekanitsa makemikolo onse ali m'dontholo, kuwatulutsa limodzilimodzi, ndi kuonetsa dzina ndi kuchuluka kwa lililonse.

Makinawa amaonetsa kuti mafuta onunkhira si chinthu chimodzi koma msakanizo wa makemikolo makumimakumi, momwe awiri kapena atatu ndiwo amachuluka ndipo otsalawo amapezeka pang'onopang'ono. Ambiri mwa makemikolowa ali m'gulu lotchedwa terpene, lomwe chomera chimamanga polumikiza tizidutswa tokhala ndi maatomu asanu a kaboni: tizidutswa tiwiri timapanga monoterpene ya maatomu 10, yomwe ndi yopepuka ndipo imauluka msanga, pomwe titatu timapanga sesquiterpene ya maatomu 15, yolemererapo ndi yochedwa kuuluka. Fungo lotsegula mphuno la bulugamu wa mtundu wa Eucalyptus globulus limachokera ku 1,8-cineole, yemwe m'mafuta ogulitsidwa ngati mankhwala amayenera kukwana magawo 70 pa 100 alionse, ndipo fungo la ndimu la udzu wothira mu tiyi wotchedwa lemongrass limachokera ku citral. Kusintha kochepa pa kamangidwe ka kemikolo kumasintha zambiri, moti carvone ali ndi maonekedwe awiri otembenuzana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo amodzi amanunkhira ngati timbewu ta spearmint pomwe enawo amanunkhira ngati njere za caraway.

Chitsanzo chomwe chimakhudza Rumphi mwachindunji ndi cha chitsamba chomwe ambiri amachitcha chanzi, chodziwika kwa asayansi ndi dzina lakuti Lippia javanica, ndipo ku Zimbabwe ndi dzina lakuti zumbani. Ndi chitsamba chanthambi zambiri, chamasamba okhakhala ndi timaluwa toyera tounjikana, chomwe chimakonda m'mbali mwa misewu, m'malire a minda ndi m'mphepete mwa nkhalango. Mu 2017 magazini ya sayansi ya Industrial Crops and Products inasindikiza zotsatira za kafukufuku yemwe anatsogolera John Kamanula wa ku Mzuzu University, mogwirizana ndi akatswiri a Natural Resources Institute ya University of Greenwich komanso a Royal Botanic Gardens, Kew. Masamba anatengedwa m'malo angapo a chigawo cha kumpoto, kuphatikizapo ku Nchenachena m'boma la Rumphi, ndipo ofufuzawo anapeza kuti chitsambachi chili m'mitundu iwiri yomwe katswiri wa zomera angailekanitse poyang'anitsitsa. Mafuta a mtundu wotchedwa javanica anali odzaza ndi perillaldehyde, kemikolo yomwe imapatsanso fungo masamba a shiso omwe amadyedwa ku Japan, pomwe mafuta a mtundu wotchedwa whytei anali odzaza ndi myrcenone. Dzina la whytei ndi lomwe lilinso pa mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, pokumbukira Alexander Whyte, yemwe ankatola zomera m'dziko lino m'zaka za m'ma 1890 ndipo anafikanso ku Nyika. M'mitundu yonse iwiri munapezekanso myrcene, linalool, carvone, caryophyllene ndi germacrene D.

Phindu lenileni la kafukufukuyu linaonekera pomwe mafutawa anayesedwa pa nankafumbwe wa chimanga, Sitophilus zeamais. Mafuta a mitundu yonse iwiri anapha tizilomboti tikawakhudza, koma makemikolo atayesedwa lililonse palokha zinaoneka kuti perillaldehyde, linalool ndi carvone amapha, pomwe myrcenone, ngakhale ndiye wochuluka m'mafuta a whytei, sapha. Mfundo imeneyi njofunika kuilingalira mofatsa, chifukwa ikusonyeza kuti kemikolo yochuluka kwambiri si nthawi zonse yomwe imagwira ntchito, ndipo mphamvu ya mafuta ikhoza kukhala m'makemikolo ochepa aja kapena m'kugwirizana kwawo. Mafuta a mtundu wa javanica anaonetsanso mphamvu ina, yopha ndi mpweya wake wokha popanda kukhudza kachilombo, zomwe n'zofunika kwa mlimi yemwe chimanga chake chili m'thumba lomanga pakamwa, momwe nankafumbwe amabisala pakati pa njere. Pamwamba pa izi, kuchuluka kwa mafuta ndi kasakanikidwe kake zinkasintha malinga ndi nthawi yomwe masamba anathyoledwa m'chaka, n'chifukwa chake ofufuzawo anachenjeza kuti mtundu woyenera ndi nthawi yokolola ziyenera kutsimikizidwa kaye, ndi kuyesedwa m'nkhokwe za alimi enieni, njirayi isanafalitsidwe.

Zomera za mtundu umodzi zomwe zimasiyana makemikolo motere asayansi amazigawa m'magulu otchedwa chemotype, kutanthauza banja la chomera lomwe chizindikiro chake chili m'mankhwala ake osati m'maonekedwe. Ku South Africa, Alvaro Viljoen ndi anzake anafalitsa mu 2005 kuti Lippia javanica wa kumeneko ali ndi mabanja asanu otere, lililonse lotsogozedwa ndi kemikolo yake: myrcenone, carvone, piperitenone, ipsenone kapena linalool. Gwero loyamba la kusiyanaku ndi chibadwa, chifukwa chomera chimatengera kwa makolo ake michere yomwe imasankha kuti terpene yake ithere pa kemikolo iti. Umboni wodziwika kwambiri unachokera kumwera kwa France, pafupi ndi mzinda wa Montpellier, komwe mu 1973 Granger ndi Passet anafotokoza mabanja asanu ndi limodzi a chitsamba cha thyme. Mabanja okhala ndi thymol ndi carvacrol amakonda malo ofunda ndipo amavutika ndi chisanu choopsa, pomwe enawo amapirira m'zigwa zozizira, ndipo kafukufuku wa mu 2013 anaonetsa kuti pamene nyengo yozizira yakhala ikufewa kuchokera m'zaka za m'ma 1970, mabanja okonda kufunda ayamba kulowerera m'malo omwe kale sankapezekamo. Boma lomwe lili ndi gombe lotentha kumunsi ndi chisanu cha Nyika kumtunda lili ndi chifukwa chomveka choganizira phunziro limeneli.

Pambali pa chibadwa pali zomwe chomera chimakumana nazo: nthaka, mvula, dzuwa, msinkhu wa tsamba, komanso ngati chachita maluwa kapena ayi. Zina zimachitika m'manja mwa munthu, pakuti masamba oyanikidwa padzuwa la masana amataya makemikolo opepuka aja msanga kusiyana ndi oumitsidwa pamthunzi, ndipo mafuta osungidwa m'botolo loonekera mkati kapena losatseka bwino amasintha chifukwa cha kuwala ndi mpweya. Asing'anga ndi amayi achikulire omwe amalimbikira kuti tsamba lithyoledwe pamalo akutiakuti ndi panyengo yakutiyakuti amanena chinthu chomwe makina a m'labotale akuchivomereza, ndipo chidziwitso chawocho chiyenera kufunsidwa ndi kulembedwa mwaulemu m'malo mochiyesa mwambo wopanda maziko.

Kuopsa konyalanyaza nkhaniyi kunaonekera kale pa chomera china, ngakhale kuti mphamvu yake siili m'mafuta onunkhira. Tephrosia vogelii, yemwe m'Chichewa amatchedwa mthuthu ndipo m'Chitumbuka mtetezga, wakhala akulimbikitsidwa kwa alimi kuti abwezeretse chonde m'nthaka ndi kupha tizilombo. Mu 2012 Philip Stevenson, Steven Belmain ndi anzawo anaonetsa kuti m'Malawi muli mabanja awiri a chomerachi, limodzi lokhala ndi makemikolo opha tizilombo monga deguelin, tephrosin ndi rotenone, linalo lopanda makemikolo amenewa, ndipo pafupifupi chomera chimodzi pa zinayi zilizonse zomwe anayesa chinali cha banja lopanda mphamvulo. Mlimi yemwe walandira mbewu ya banja lolakwika amatsata malangizo onse, amasinja masamba, amathira, koma tizilombo timapitiriza kudya, ndipo mapeto ake amataya chikhulupiriro mwa mlangizi ndi mwa njira yomwe ikanamupulumutsa ku mtengo wa mankhwala a m'sitolo. Kulephera kotere si kwa mlimi, ndipo n'kosafunika kuti kubwerezedwe pa chanzi.

Komwe kusiyanaku kwasamalidwa, kwabala malonda. Bungwe la kafukufuku la CSIR ku South Africa, mogwirizana ndi asing'anga, linasankha banja limodzi la Lippia javanica lomwe limaingitsa udzudzu bwino, ndipo banjali linayamba kulimidwa ku Giyani m'chigawo cha Limpopo kuti mafuta ake azipangira makandulo oingitsa udzudzu. Wogula mafuta onunkhira pamsika wa mayiko safunsa dzina la chomera lokha, koma amafuna chikalata cha zomwe makina apeza m'mafutawo, ndipo amayembekezera kuti botolo la chaka chamawa lidzafanana ndi la chaka chino. Kufanana kotere sikungatheke ngati masamba akungothyoledwa m'tchire mwachisawawa, koma kumatheka ngati banja lodziwika lichulukitsidwa pobzala nthambi zodula, zomwe zimasunga chibadwa cha kholo lake mosasintha.

Pa umoyo wa anthu nkhaniyi ikufuna kusamala kwapadera, makamaka chifukwa m'zaka za 2020 ndi 2021, pa nthawi ya Covid-19, kufukiza ndi masamba a bulugamu, ndimu ndi zitsamba zina kunafala kwambiri m'makomo. Nthunzi ya masamba owiritsidwa mumphika, wodwala atafunda bulangete, imanyamula mafuta ochepa omwe angapepuze mphuno yotsekeka, koma siichiza malungo kapena chibayo, ndipo mwana wotentha thupi ayenera kukayezedwa magazi kuchipatala. Mafuta otchezedwa ndi nkhani ina, popeza botolo laling'ono limasunga mphamvu ya mulu wa masamba, moti mamililita ochepa a mafuta a bulugamu akhoza kuika moyo wa mwana pachiswe akawamwa. Chofunikanso kusachisokoneza ndi chanzi ndi chitsamba chachibale chake cha Lantana camara, chamasamba ofananako koma chamaluwa amitundumitundu, chomwe chinachokera ku America ndipo chimadwalitsa ng'ombe zikachidya.

Zofunika kuti Rumphi apindule ndi zitsamba zake si zapatali. Nthambi iliyonse yotengedwa kukayezedwa iyenera kukhala ndi inzake youma yosungidwa ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba, yolembedwa malo, kutalika kwa malowo ndi tsiku lothyola, kuti zotsatira za ku Nchenachena ziyerekezedwe moona ndi za ku Bolero, Hewe, Livingstonia kapena Chiweta. Kutola kwa mkati mwa Nyika National Park ndi Vwaza Marsh kumafuna chilolezo cha nthambi yoona za nyama zakutchire ndi malo otetezedwa, choncho ntchito yoyamba ingayambire m'malire a minda momwe alimi amathyola kale. Mzuzu University ili pafupi, alangizi a zaulimi ali m'madera, ndipo mtundu wa chanzi wokhala ndi perillaldehyde ukatsimikizidwa m'nkhokwe za alimi, nazale imodzi pa dera lililonse la zaulimi ingakwanitse kugawa nthambi zake pamodzi ndi malangizo a mwezi woyenera kuthyola masamba.