Kodi Mumadziwa? Gwero la Liwu Lakale Lotchulira Mitengo

Kodi mumadziwa kuti liwu la Chingerezi loti "wood", lotanthauza nkhuni, matabwa ndiponso nkhalango, ndi lakale koposa Chingerezi chenichenicho? Akatswiri a zinenero, atayerekeza mosamala malemba amakedzana a kumpoto kwa Ulaya, anapeza kuti makolo a Angerezi, Ajeremani ndi anthu a ku Scandinavia, m'masiku aja pamene onse anali a chinenedwe chimodzi, ankatchula mtengo ndi nkhalango ndi liwu longa "widuz". Ndipo zidzukulu zawo zitabalalika, fuko lililonse linalisula monga mwa lilime lake. Angerezi akale ankati "wudu", Ajeremani ankati "witu", ndipo ku Sweden kufikira lero nkhuni amazitcha "ved". Ngakhale anthu a ku Ireland, amene sali a mbumba imeneyi, ankati "fid", chizindikiro chakuti muzu wake unazama koposa apo.

Liwuli linalowanso m'maina a anthu: Widukind, mtsogoleri wa ku Saxony amene analimbana zolimba ndi mfumu Charlemagne kufikira pamene Widukind yemweyo anabatizidwa m'chaka cha 785, dzina lake limatanthauza "mwana wa m'nkhalango". Indedi, mawu a akulu akoma akagonera.